Tidalankhula Kaŵiri

Oŵerenga athu ena adzadabwa poona kuti mwezi uno tsamba lino likukamba za makhadi, pakuti kwathu kuno dzina la makhadi limayendera limodzi ndi la njuga, ndipo ambirife tidaonapo mabanja amene adagona ndi njala chifukwa cha njugayo. Tsono tiyambe takukhazikani mtima pansi. Seŵero limene tifuna kukamba, lotchedwa bridge, tidaliseŵera zaka ziŵiri zathunthu osaikapo ngakhale tambala imodzi. Komabe usiku wina tidatayapo kanthu, ndipo mpaka lero tikaukumbukira usiku umenewo manyazi amatigwira.

Seŵeroli tidaliphunzira pamene tidali pa maphunziro ku England. M'kamzinda kamene tinkakhala mudali gulu la anthu, ambiri mwa iwo opuma pa ntchito, limene linkakumana Lachitatu lililonse madzulo m'holo ya parishi. Pakati pao padali mai ena achikulire, amene adakalambira pa ntchito ya uphunzitsi. Maiwo adali atangoferedwa amuna ao, amene adaseŵera nawo bridge zaka zoposa 30, ndipo poti seŵeroli ndi la aŵiriaŵiri, mpando wa patsidya pao udali wopanda munthu. Iwo ndiwo adatiitana kuti tikhalepo, natiphunzitsa moleza mtima monga achitira mphunzitsi ndi mwana wongoyamba kumene sukulu.

Pa tebulo pamakhala anthu anai, ndipo oyang'anana aŵiri ndiwo a mbali imodzi. Makhadi alipo 52, aliyense amalandira 13. Mitundu yake ndi inai, kuyambira wotsika: kilabu, dayamondi, mtima ndi sipedi. Poseŵera, aliyense amaponya khadi limodzi, ndipo mwini khadi lopambana amatola anai onsewo. Ameneŵa tiŵatche mulu. Milu yonse imakhala 13, ndipo mbali ziŵirizo zimalimbirana kudya milu yambiri.

Koma khadi lisanagwe ndi limodzi lomwe pamayamba pachitika okushoni. Alimi a fodya akuidziŵa bwino okushoni, pamene wogula aliyense ayenera kukweza mtengo kapena kukhala chete. Pano mtengo wake ndi lonjezo. Munthu akati "sipedi imodzi" ndiye kuti akulonjeza kuti iye ndi mnzake adya milu 7, ndiye kuti umodzi pamwamba pa 6 yoyamba, sipedi itakhala mtundu wolamula, woti khadi lake ngakhale laling'ono limagonjetsa makhadi a mitundu ina. "Sipedi zinai" ndi lonjezo la milu 10. Munthu angathenso kulonjeza popanda mtundu wolamula, ndipo malonjezo onse otheka alipo 35. Wosafuna kukweza amati "pasi". Wokayika lonjezo la mbali inayo amati "dabulo", mau amene amakulitsa chilango cha olephera ndi mphotho ya okwanitsa, ndipo wonenedwa dabulo angathe kubwezera ndi "ridabulo". Atatu akanena pasi motsatizana, lonjezo lotsiriza limasanduka pangano loti mbaliyo ikwaniritse.

Kaŵerengedwe ka mapointi kamene kadabala bridge ya masiku ano adakakonza ndi Harold Vanderbilt wa ku America m'chaka cha 1925, ali pa ulendo wa panyanja m'sitima yotchedwa Finland. Iye adakhazikitsa kuti mphotho yaikulu izipita kwa okhawo amene adalimba mtima nkulonjeza. Amene adya milu 10 atangolonjeza 8 salandira mphothoyo. Kuyambira pamenepo mtima wa seŵeroli udakhala pa okushoni.

Tsono taonani vuto lake. Mnzanu sakuona makhadi anu, inunso simukuona ake, ndipo njira yokha youzirana ndi malonjezo omwewo, onenedwa poyera adani akumva. Wophunzira amayamba ndi kuŵerenga mphamvu za makhadi ake: esi ndi 4, mfumu 3, mfumukazi 2, jeki 1, zonse pamodzi 40. Njira imeneyi adaifalitsa ndi Milton Work, pambuyo pake Charles Goren. Wokhala ndi mphamvu 12 kapena 13 amatsekula okushoni, ndipo aŵiri akakhala ndi 25 kapena 26 amayembekezera kudya milu 10 pa mtima kapena sipedi. Adani akangokhala chete zonsezi zimayenda bwino, ngati abale aŵiri akucheza pa khonde, wina kufunsa wina kuyankha, mpaka atamvana. Adani akaloŵerera, kucheza kuja kumasanduka kuitanizana pakati pa msika. Lonjezo lililonse limene mdani anena limadya malo amene inu mukadafotokozeramo makhadi anu.

N'chifukwa chake m'okushoni yolimbirana lonjezo limodzi limagwira ntchito zitatu. Limauza mnzako zimene uli nazo, limaphera adani malo, ndiponso limaika khosi lako pa mpeni. Munthu wa makhadi ofooka, koma wokhala ndi 7 a mtundu umodzi, amatsekula ndi lonjezo lalitali, monga "mitima itatu", kuti adani amene ali ndi mphamvu ayambire pamwamba, nkumangoganizira chabe. Ely Culbertson, amene adatchukitsa bridge ku America m'zaka za m'ma 1930, adaphunzitsa malire ake: lonjezo lotere lisapitirire milu imene uli nayo m'manja ndi yoposa iŵiri kapena itatu, kuti chilango chisapitirire mapointi 500.

Kusankha pakati pa iŵiri ndi itatu kumadalira chinthu china chimene Vanderbilt adaikamo. Pa kugaŵa kulikonse, mbali imatha kukhala poterera kapena pouma. Okhala poterera mphotho yao ndi yaikulu, chilango chaonso nchachikulu. Akakwanitsa sipedi zinai amalandira 620, pamene okhala pouma amalandira 420. Akalephera atanenedwa dabulo amalipira 200 pa mulu umodzi wopereŵera, 500 pa iŵiri, 800 pa itatu. Okhala pouma amalipira 100, 300, 500, 800, kenaka 1,100. Apa mpamene pamabadwira nzeru yodzipereka dala. Ngati adani ali poterera ndipo akwanitsadi sipedi zinai, nkwabwino inu okhala pouma mulonjeze chinthu chimene mukudziŵa kuti simukwanitsa, mulipire 300 kapena 500, kusiyana ndi kuŵasiyira 620. Ife nzeru imeneyi tidaikonda kwambiri tsiku lomwe tidaimva, mwina chifukwa imapatsa munthu wamakani dzina labwino.

Pali chothandiza china pa kusankha. Jean-René Vernes wa ku France adapenda maseŵera ambiri a akatswiri, ndipo mu 1969 adalemba m'magazini ya The Bridge World zimene adapeza. Mukaphatikiza makhadi a mtundu umene mbali yanu ili nawo ochuluka ndi a mtundu umene adani ali nawo ochuluka, chiŵerengerocho chimafanana pafupifupi ndi milu imene mbali ziŵirizo zingadye, iliyonse itaseŵera pa mtundu wake. Larry Cohen adafalitsa zimenezi m'buku lake la mu 1992, ndipo langizo lotulukamo ndi lapafupi: polimbirana, lonjezani milu yofanana ndi makhadi olamula amene aŵirinu muli nawo. Mukakhala ndi 8 lonjezani milu 8, mukakhala ndi 9 milu 9, mukakhala ndi 10 milu 10. Zonsezi mai aja adali atatiphunzitsa, ndipo tikadalemba mayeso tikadakhoza.

Usiku umene tikunenawu udali wa mpikisano wa pachaka wa gulu lathu. Pa mpikisano wotere makhadi omwewo amaseŵeredwa pa matebulo onse, ndipo mapointi anu amayerekezedwa ndi a ena amene adagwira makhadi anu omwewo, kotero palibe wonena kuti mwai udamuthaŵa. Chikho chake mai aja adachitengapo kangapo pamodzi ndi malemu amuna ao. Sadatiuze kuti akuchifuna, koma tidaona kuti adavala bwino kuposa masiku onse. Tidayenda bwino usiku wonse, ndipo pofika pa kugaŵa kotsiriza tidali kudziŵa kuti tili pafupi ndi pamwamba.

Adani adali poterera, ife pouma. Titatambasula makhadi athu tidapeza 7 a mtima, otsogozedwa ndi mfumu, mfumukazi ndi jeki, sipedi imodzi yaing'ono, madayamondi atatu ndi makilabu aŵiri opanda ntchito. Mphamvu zidali 6 zokha, milu yodalirika 6. Tidatsekula ndi "mitima itatu", ndipo pamenepo sitidalakwe, pakuti milu 6 kuwonjezapo itatu ya Culbertson ndi 9. Mdani wa kumanzere kwathu adati "sipedi zitatu". Mai aja adati "pasi". Mdani wa kumanja adakweza nati "sipedi zinai". Nthaŵi idakhalanso yathu.

Tikukumbukira bwino zimene zidayenda m'mutu mwathu. Tidati anthuŵa akwanitsa, atenga 620, pamene ife tikagwa ndi milu itatu tilipira 500 yokha. Tidayang'ananso mitima yathu, nitiona kuti pa sipedi siidzadya kanthu, ndipo zidatiŵaŵa kuti makhadi okongola chotere angotayika. Tidati "mitima isanu". Wa kumanzere sadachedwe, adati "dabulo".

Malamulo amati okushoni ikatha ndipo khadi loyamba likagwa, mnzake wa woseŵera panganolo ayale makhadi ake pa tebulo kuti onse aŵaone. Mai aja adayala ao mmodzimmodzi, osalankhula. Padali mtima umodzi wokha. Padali esi ya dayamondi ndi esi ya kilabu. Padalinso masipedi anai: mfumukazi, jeki, 10 ndi 8. Mwana aliyense woŵerenga akadaona kuti m'manja mwao mokha mudali milu inai yotsutsa sipedi, iŵiri ya maesi ndi iŵiri ya masipediwo, ndipo inai ndiyo inkafunika kuti pangano la adani ligwe. Mapointi 620 amene tinkathaŵa aja kudalibe. Tidadya milu 8, nitilipira 500. Pa matebulo ena, anthu ogwira makhadi athu adalandira 100 kapena 200. Ife tidakhala otsiriza pa kugaŵa kumeneko, ndipo chikho chidapita kwina.

Chimene chimatichititsa manyazi kwambiri ndi chimene tidanena pambuyo pake. Anthu ali kumva, tidati: "Mai, mukadanena dabulo pa sipedi zitatu zija, bwenzi titadziŵa." Iwo adavula magalasi, natiyang'ana, nati: "Bambo, kuti sipedi zitatu zigwe pankafunika milu isanu, ine ndidali ndi inai. Ndinkadikira kuti akwere. Atakwera, nthaŵi yanga isanafike, inu mudalankhulanso. Za mitima yanu mudali mutandiuza kale, ndipo ndidamva. Kodi mudayesa kuti ndine gonthi?"

Usiku umenewo tulo sitidatione, ndipo pang'onopang'ono tidazindikira pamene padagona cholakwa. Masamu athu adali oona, 500 ndi yochepadi kuposa 620. Koma masamuwo adatsamira pa zinthu ziŵiri zimene ife sitikadatha kudziŵa: ngati adani akadakwanitsa, ndiponso milu ingati imene mai aja akadatibweretsera. Iwo adali kudziŵa makhadi athu pafupifupi onse, popeza "mitima itatu" imanena zonse: makhadi 7, mphamvu zochepa, kunja kulibe kanthu. Ife za makhadi ao sitidadziŵe kanthu. Pa aŵirife, woona mbali zonse adali mmodzi yekha, ndipo chisankho chidali chake. Nchifukwa chake aphunzitsi a bridge amalangiza kuti wotsekula ndi lonjezo lalitali asalankhulenso pokhapokha mnzake atamufunsa.

Pasi wao uja nayenso adali mau, koma ife sitidamvere. Akadakhala ndi mitima itatu kapena inai m'manja, akadakweza nthaŵi yomweyo. Kukhala chete kwao kudatanthauza kuti mitima yathu aŵirife siidali yambiri. Idali 8, masipedi a adani adalinso 8, zonse 16. Mwa kuŵerenga kwa Vernes, adani akadadya milu 10, ife tikadadya 6 kapena 7, nkulipira 1,100 kapena 800. Akadadya 9, monga zidaliri, kudzipereka kudali kopanda pake. Njira zonse ziŵiri "mitima isanu" idali yotayitsa. Chimene chidatilankhulitsa chidali kusafuna kugonja, ndiponso, tinene zoona, kusakhulupirira kuti mai okalamba okhala chetewo ali ndi maganizo ao.

Wina angafunse kuti, nanga bwanji maiwo sadatichenjeze, mwina pokhosomola, mwina pochedwa dala asananene pasi? Apa mpamene pali ulemu wa seŵeroli. Malamulo amaletsa kuuza mnzako kanthu ndi nkhope, ndi kamvekedwe ka mau kapena ndi kuzengereza, ndipo zonse zimene aŵiri adapangana za matanthauzo a malonjezo ao ayenera kuŵauza adani. Nkhani imeneyi yavutapo ngakhale akatswiri. Mu 1965, pa mpikisano wa dziko lonse ku Buenos Aires, Terence Reese ndi Boris Schapiro a ku Britain adanenezedwa kuti ankauzana chiŵerengero cha mitima ndi kagwiridwe ka zala. Bungwe la World Bridge Federation lidati ngolakwa, koma ofufuza a kwao ku Britain adati umboni ngosakwanira. Mu 1975, ku Bermuda, adayamba kuika chotchinga pakati pa tebulo kuti a mbali imodzi asamaonane, ndipo pa mpikisano womwewo oseŵera aŵiri a ku Italy adanenezedwa kuti ankagundana mapazi, mpaka chotchingacho adachifikitsa pansi. Mai aja adalibe chotchinga. Adatiwona tikutsekula pakamwa, akudziŵa chimene chikubwera, ndipo nkhope yao siidasinthe. Adalola kutaya chikho kusiyana ndi kuchitenga mwakuba.

Za mau athu oŵaloza chala aja, tidaphunzira pambuyo pake kuti matenda ameneŵa ngakale pa tebulo la bridge. Nkhani yodziŵika kwambiri idachitika ku Kansas City pa 29 September 1929. John Bennett ndi mkazi wake Myrtle ankaseŵera ndi anansi ao. Mwamunayo adalephera pangano la sipedi zinai, mkazi adamunyoza, iye adamumenya makofi, ndipo mkaziyo adatenga mfuti namuwombera, mwamunayo nkufa. Bwalo lidamumasula mu 1931. Palibe amene angakhulupirire kuti makhadi okha ndiwo adapha munthuyo. Aŵiri akagwa limodzi, aliyense amathamangira kuonetsa kuti wagwetsa ndi mnzake, ndipo zakale zonse zimatulukira pomwepo. Ife tidachita chimodzimodzi, kungoti mai aja adali odekha. Lachitatu lotsatira tidaŵapepesa pamaso pa anthu omwe adamva aja. Iwo adangoti, "Khalani pansi, Bambo, tiyi akuzizira."

Tisakusokeretseni ngati kuti kukhala chete ndiye nzeru nthaŵi zonse. Masabata otsatira tidagwa mbali inayo. Tidachita mantha, tinkanena pasi pamene tidayenera kulankhula, ndipo adani ankatenga mapangano aang'onoang'ono mosavuta. Tsiku lina mai aja adatsekula ndi sipedi imodzi, kusonyeza makhadi 5, mdani nkuloŵererapo. Ife tidali ndi masipedi anai ndi mphamvu zochepa, nitikweza pang'ono chabe mwamanthamantha. Adani adapeza malo omvanirana, ndipo pamene tidati tikwezenso nthaŵi idali itatha. Maiwo adatidzudzula kuposa usiku wa chikho uja. Adati 5 ndi 4 ndi 9, tidayenera kulonjeza milu 9 nthaŵi yomweyo, adani asanadziŵane. Wobisa zimene ali nazo amamusiya mnzake mumdima, chimodzimodzi wobwereza zimene wanena kale amamutseka pakamwa. Nenani zonse msanga ndiponso kamodzi, kenaka dikirani.

Kuchokera pamenepo, nthaŵi yathu ikafika pakati pa kulimbirana, timayamba tadzifunsa mafunso atatu. Kodi tili ndi kanthu kamene mnzathu sakukadziŵa? Kodi pa aŵirife ndani akuona zambiri? Nanga tikanena pasi, kodi mnzathu adzakhala ndi mpata wolankhula? Ngati tilibe chatsopano ndipo mpata ulipo, timadzigwira, ngakhale mtima ukuŵaŵa. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Inu amene muli m'banja, tikhulupirira kuti zimenezi mukuzidziŵa kuposa ife, ngakhale simudagwirepo khadi. Mukudziŵa mmene zimakhalira pa nkhani ya fizi, ya feteleza kapena ya mwana wofuna kukwatiwa, pamene mmodzi wanena maganizo ake, mnzake akadali kusinkhasinkha, woyamba uja nkuyesa kuti chete ndiye kuti palibe nzeru, nkugamula yekha. Kaŵirikaŵiri wokhala cheteyo amakhala atamva zonse, ndipo ali ndi zake m'manja zimene winayo sadazione.

Lachitatu lathu lotsiriza tisanabwerere kwathu, zinthu zidabweranso pafupifupi monga usiku uja. Tidatsekula ndi madayamondi atatu, adani adakwera mpaka mitima inai, ndipo nthaŵi idafika pa ife mai aja asanalankhule kachiŵiri. Lilime lidayabwa, koma tidati "pasi". Tidayembekeza kuti anena dabulo. Iwonso adati "pasi". Adani adakwanitsa bwinobwino nalemba 620, ndipo titaona makhadi onse tidapeza kuti padalibe chimene tikadachita, pakuti tikadakweza tikadalipira 800. Maiwo adalemba chiŵerengerocho pa pepala lao, nabwezera makhadi m'malo mwake, nati: "Mwachita bwino, Bambo. Tiyeni ku tebulo lina."